Kaloti Wopindika Si Chinyalala: Moyo wa Bambo Zakeyu Kanjedza

Bambo Mfumu atandipempha pambuyo pa Misa kuti ndilembe za moyo wa malemu Bambo Zakeyu Kanjedza m'kalata yathu ino ya akhristu ochokera ku Malawi, ndinavomera msangamsanga, pakuti ine pakamwa pamathamanga kuposa mutu. Nditafika kunyumba n'kugwira cholembera, mutu unaima. Ndine Monica, ndinali mphunzitsi wa pulayimale ku Balaka, lero ndimagwira ntchito pafamu ya masamba kuno ku Philippi, ku Cape Town. Kulemba sikundivuta. Chondivuta n'chakuti moyo wa munthu wachitsanzo timaulemba kuti ena autsatire, pamene a Zakeyu ntchito inawathera chifukwa chosamvera lamulo. Anakana kutseka geti limene amayi osowa ankalowera kudzatola masamba otsala m'munda. Nanga ana athu tiwauze kuti azitsatira zimenezo? Chinanso, kiyi wa geti limenelo ali m'thumba la epuloni yanga. Ndilemba monga ndikudziwira, inu mukaweruze nokha.

A Zakeyu anabadwa m'chaka cha 1954 m'mudzi wina kufupi ndi Bembeke ku Dedza, kwawo kwa mbatata ya kachewere ndi chisanu cholowa m'mafupa. Anabatizidwa ali wakhanda. Bambo awo anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kamunda kamene mayi awo anatsala nako kanali pamiyala, kosakwana kudyetsa ana asanu. Banjalo linkapulumukira kukunkha. Ana obadwira kuno mwina liwu limeneli simulidziwa, ndiye tamverani. Mwini munda akakolola n'kuchoka, osowa amalowa kukatola zotsalira, mbatata yobisala m'dothi, mtedza wothothoka, chimanga chogwera m'mizere. Si kuba ayi, komanso si kupempha. Palibe amene wakupatsa m'manja, choncho palibe woti umugwadire.

Munda umene ankakunkhamo kwambiri unali wa mkulu wina wa mpingo, a Gerevaziyo. A Zakeyu ankatisimbira kuti ali mwana ankawaseka bambo amenewa. "Amayi, a Gerevaziyo sadziwa kukumba," ankatero, poona mbatata zikuluzikulu zosiyidwa m'mizere ya kumalire. Mayi awo ankangoti, "Tseka pakamwa, tola." A Zakeyu atafika zaka khumi ndi zisanu, a Gerevaziyo anawalemba ganyu yokumba. Iwo anafuna kuonetsa ukatswiri. Anapeta mzere uliwonse, mpaka wa kumalire, osasiya ngakhale kambatata konga dzira la njiwa, kenaka anaima monyadira kudikira kuyamikiridwa. Mkuluyo anayang'ana mzere wa kumalire uja, n'kuwayang'ana iwo, n'kufunsa, "Kodi iwe unakula ndi chiyani?" Anatapa mbatata m'dengu n'kuyamba kuibwezera m'dothi, akuti, "Mzere wa kumalire timakumba ndi diso limodzi." A Zakeyu ankati tsiku limenelo analira ngati amenyedwa, ndipo zonse zimene anaphunzira pambuyo pake kukalasi ya ukwati ndi ku Mphakati, kagulu ka akhristu oyandikana nyumba, zinkangobwereza zomwezo.

Mu 1978 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Angelina, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi. Kwa zaka zoposa makumi awiri ndiwo ankaliza belu pakatchalitchi ka kwawo, belu lake lija la chitsulo cha tayala la galimoto chopachika mumtengo. Ankalima dimba la kabichi ndi tomato, ndipo anthu ankawanena kuti ndi mlimi wakhama pobzala koma waulesi pokolola. Njala ya mu 2002 inawapeza ngati ena onse, ndipo Mayi Angelina anamwalira ndi kolera m'chaka chomwecho. Achibale anawadzudzula kuti, "Mkazi wanu wapita, ana akudya kamodzi patsiku, inu mukusiyirabe ana a eni mzere wathunthu?" Iwo anapitirizabe kusiya mzerewo. Nthawi ina ndinawafunsa ngati achibalewo sankanena zoona, ndipo anati, "Mwina ankanena zoona. Koma nane ndinali mwana wa eni."

Mu 2005, kuti ana awiri omaliza aphunzire, anakwera basi ya ku Joni, ndipo chaka chotsatira anafika kuno ku Cape Town. Anapeza ntchito pafamu yomwe ndikugwirapoyi, n'kumanga mkuku wawo, kanyumba ka malata, kuseri kwa famuyo. Pa zipolowe zothamangitsa alendo za mu 2008 mkukuwo unaphwasulidwa. Anagona masabata angapo m'holo pamodzi ndi ena, ndipo zinthu zitazizira anabwerera kukatola malata awo omwewo n'kumanganso pamalo pomwepo. Ena mwa amene anaphwasula anali anansi awo. Ankawapatsabe moni m'Chixhosa chawo chothyokathyoka.

Ine ndinawadziwa mu 2013, sabata yanga yoyamba pafamu. Ndinkatsuka kaloti m'madzi ozizira misozi ili chuchuchu, ndikudzifunsa kuti munthu wogwira choko ndafika bwanji pano. Iwo anandifunsa kwathu ndi ntchito yanga yakale. Atamva, anavula chipewa n'kunena, "Pepani aphunzitsi, sitinadziwe." Kuyambira tsiku limenelo famu yonse inayamba kunditcha aphunzitsi, ngakhale osamva Chichewa. Dzina limenelo linandiimika pamene ndinkagwa, ndipo muona kutsogoloku kuti lomwelo linadzandipunthwitsa.

Kutchalitchi kuno nonse mumawadziwa. Ndiwo ankayamba kufika, kusesa ndi kuika mabenchi, kolona ili m'thumba la jekete lawo limodzi lomwe lija. Kuimba kokha, Mulungu awakhululukire, ankatisokoneza ife a kwaya, chifukwa ankayamba ndime isanafike n'kumaliza ife titakhala kale pansi. Pa chilala cha mu 2018, pamene tonse tinkasamba m'kabeseni, iwo madzi osamba ankachapira malaya, otsalawo n'kuthirira sipinachi wa m'matayala kuseri kwa mkuku. Ankati, "Madzi asapite asanagwire ntchito zitatu." Tinkawaseka kuti n'kuumira kwa anthu a ku Dedza.

Pafamu anagwira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sitolo zikuluzikulu za m'tauni zimafuna kaloti wowongoka ngati pensulo ndi kabichi wosang'ambika, ndiye zopindika ndi zong'ambika zinkatsala m'munda. Kumunsi kwa famu kuli geti laling'ono loyang'ana kumikuku, limene kale linkangomangidwa ndi waya. Lachisanu lililonse masana, tikamaliza kukolola, amayi a kumikuku ankalowa ndi majumbo kudzakunkha, Amaxhosa, a ku Zimbabwe, ndi akwathu. Mwini famu ankadziwa, ankangoyang'ana kumbali. A Zakeyu akamakolola mzere wa kumpanda ankasiyamo ndi zabwino zomwe, mpaka kapitawo anawauza kuti akayezetse maso.

Mwa amayiwo munali Mayi Nasima, Msilamu wa ku Mangochi, amene akulera zidzukulu zitatu kuchokera pamene mwana wawo wamkazi anamwalira. Ndiwo za anawo kwa sabata yonse zinkachokera pa Lachisanu limenelo. Tsiku lina ndinawamva akuti, "Achimwene, ine ndikudziwa kuti kabichi uyu simunamuiwale. Mulungu akudalitseni." A Zakeyu anayankha ngati akwiya, "Achemwali, mukundithokozeranji? Ine maso ndi ofooka, funsani kapitawo." Ndinazindikira kuti m'mwezi wa Ramadani maso awowo ankafooka kwambiri.

Mu 2021 kunabwera mtsikana wina wa ku bungwe lothandiza alimi, dzina lake Julia. Sitolo ya ku Claremont imene imagula masamba athu ambiri inali itanena kuti famu iliyonse ikhale ndi satifiketi yosonyeza kuti ikusamalira chilengedwe ndi anthu, apo ayi isiya kugula. Julia anabwera kudzatikonzekeretsa. Anali mwana wabwino, ndisamunamizire, wa nsapato zamatope ngati ife. Ndi iye anachititsa kuti opopera mankhwala apatsidwe zovala zodzitetezera, ndiponso kuti amayi tikhale ndi chimbudzi chathuchathu. Anatisonkhanitsa m'shedi yopakira masamba. Popeza Amalawi tinalipo oposa makumi awiri, ndipo ambiri Chizungu n'chongopatsira moni, anandiimika ine kuti ndizimasulira.

Liwu lake loyamba linali sustainability. Abale inu, liwu limeneli likanakhala katundu bwenzi likufuna anthu awiri onyamula. Ndinanena kuti ndi kugwiritsa ntchito za lero mosamala kuti a mawa adzapezeko. A Zakeyu anagwedeza mutu mokondwa n'kunena mokweza, "Zimenezo n'zakwathu!" Kenaka Julia anati zero waste, n'kufotokoza kuti waste yense wa m'munda aziyezedwa pasikelo n'kupita pamulu wa manyowa. Ine ndinati, "Akuti zinyalala zonse za m'munda ziziyezedwa n'kupita pamulu wa manyowa. M'munda musatsale chinyalala." Nthawi yomweyo mvula inayamba kuwomba malata a shedi, ija ya mwezi wa Juni. Julia anapitiriza kulankhula za mpanda ndi za anthu akunja, koma ine ndinangomva theka. Ndikanamupempha kuti abwereze. Koma aphunzitsi athunthu, pamaso pa anthu onsewo, anene kuti sanamve? Ndinangoti, "Akuti tizisamala mpanda." Anthu anawomba m'manja.

Pofuna munthu woyang'anira mulu wa manyowa, aliyense analoza a Zakeyu, chifukwa manyowa ankawadziwa ngati pemphero la m'mawa. Anawaveka chovala chobiriwira, Julia anawajambula chithunzi atagwira fosholo, ndipo mwini famu anawapatsa sikelo ndi kiyi wa loko watsopano wa geti la kumunsi, poti muluwo unali pafupi ndi getilo. Lamulungu lotsatira anapempha Misa yothokoza. Anandiuza kuti, "Aphunzitsi, azungu afika pamene a Gerevaziyo anafika kalekale."

Ntchitoyo anaigwira ndi mtima wonse. Mulu wawo unkatentha bwino, osanunkha, ndipo manyowa ake ankatuluka akuda bii. Wilibala iliyonse ikafika ankaikhuthula pansi n'kusankha. Masamba owola, mizu, udzu ndi zodyedwa ndi mbozi ankaziyeza n'kuponya pamulu. Kaloti wopindika ndi kabichi wong'ambika ankazibwezera m'mzere wa kumpanda, osaunjika ngati zopatsa opemphetsa, koma kumwaza kuti wobwera atole yekha. Lachisanu masana ankatsegula geti ndi kiyi wawo, amayi akatuluka n'kukiyanso bwinobwino, pakuti anauzidwa kuti azisamala mpanda. Ine ndinkaona zonsezi, ndipo kamtima kankandiuza kuti pali china chimene sindinamasulire. Ndinkati mapepala a malamulo amene Julia anandisiyira ndiwerenga mawa. Paja pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo mawa langalo linatenga miyezi isanu ndi iwiri.

Mu Januwale 2022 Julia anabwera ndi mkulu woyendera mafamu, wopereka satifiketi uja. Tsoka silinunkha, anafika Lachisanu masana. Atazungulira shedi ndi chitsime anatsikira kumunsi kukaona mulu wa manyowa wotchukawo. Anapeza geti lili chitsegukire, amayi khumi ndi asanu atawerama m'munda ndi majumbo, a Zakeyu ataima pageti ndi chovala chawo chobiriwira ngati wolandira alendo paukwati. Anavula chipewa n'kuwalonjera alendowo mwansangala. Ankaganiza kuti abwera kudzaona mmene ntchito ikuyendera bwino.

Anatiitanira ku ofesi, ine kuti ndikamasulire. Mwini famu anali atafiira mpaka m'khosi. Anati lamulo la satifiketi limaletsa munthu wakunja kulowa m'munda wa chakudya, kuopa matenda, ndiponso zimene zinayezedwa pasikelo sizinafike ngakhale theka la zimene Julia analonjeza kusitolo. Anafunsa kuti waste wotsalayo wapita kuti. Nditamasulira, a Zakeyu anayang'ana ine, osati abwana.

"Aphunzitsi, paja munati zinyalala?"

"Ndinatero, bambo."

"Ndiye auzeni kuti zinyalala zonse zili pamulu, sindinasiyeko n'chimodzi chomwe. Koma kaloti wopindika si chinyalala. Mwana akamudya amakhuta chimodzimodzi."

Apa ndiye ndinasowa pogwira. Kuti ndibweze mawu awo m'Chizungu ndinayenera kunena kuti waste si waste, ndipo ndi zomwe ndinanena. Mkulu woyendera uja anandiyang'ana ngati ndapenga. Julia anafunsa ngati a Zakeyu sanamve zimene ananena za anthu akunja tsiku la msonkhano. Pamenepo ndi pamene ndikanati, "Sanamve chifukwa ine sindinawauze." Mawuwo anafika pammero n'kubwerera. Pepala langa lokhalira m'dziko muno linali litatha, ndili ndi ana awiri kwathu oyang'ana ine, ndipo ndinachita mantha, ndikuvomera. Ndinamasulira funsolo ngati silikundikhudza. A Zakeyu anandiyang'ananso, n'kungoti, "Auzeni kuti tsiku lija kunali mvula."

Julia misozi inalengeza m'maso. Anati zimene bamboyu akuchita n'zabwino, mwina n'zoposa manyowa, koma pafomu ya satifiketi pali malo a zogulitsidwa ndi malo a zopita pamulu, malo a zotoledwa ndi anthu palibe. Mwini famu naye sindingamutche woipa. Anati satifiketi ikalephereka sitolo isiya kugula, ndipo anthu makumi asanu ndi limodzi tikhala pakhomo opanda ntchito. Woyenderayo anavomera kudzabweranso pakatha mwezi. Abwana anati, "Madala, ntchito yanu ilipo. Ingolonjezani kuti getilo simudzatsegulanso."

A Zakeyu anapempha kuti ndibwereze pang'onopang'ono. Kenaka anafunsa, "Satifiketiyi paja munati ndi yosamalira chilengedwe ndi anthu. Anthu ake ati?" Julia anati antchito a pafamu. "Nanga a kuseri kwa mpanda?" anafunsanso a Zakeyu. Anatembenuza chipewa m'manja. Potsiriza anatulutsa kiyi n'kumuika patebulo ndi manja awiri. "Anzanga asataye ntchito chifukwa cha ine, tsekani. Koma kulonjeza sindingathe. Ndimadzidziwa, Lachisanu likafika dzanja ili lidzatsegula, ndiye ndidzakhala nditakunamizani." Anapinda chovala chobiriwira chija bwinobwino n'kutsanzika aliyense ndi dzanja. Tsiku lomwelo kiyi, sikelo ndi wilibala anandipatsa ine, poti ndimatha kuwerenga mafomu.

Ku Mphakati nkhaniyi inatigawa. Ena ankati a Zakeyu ndi munthu wa Mulungu. Ena ankati ndi liuma chabe, munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri sataya ntchito m'dziko la eni chifukwa cha kaloti, ndipo geti latsekedwabe, ndiye apindulanji? Funso limenelo ine sindinaliyankhe mpaka lero. Eni ake sankalowerera. Ankabwerabe kudzasesa, ndipo jekete lija linayamba kuwakulira.

Satifiketi inatuluka mu Malichi. Lachisanu lina mwezi wotsatira ndinkakankha wilibala yodzaza kaloti wopindika kupita kumulu. Kunja kwa mpanda kunaima amayi angapo amene anali asanataye mtima, Mayi Nasima ali pomwepo. Pakati pawo panali a Zakeyu, jumbo m'manja. Sanabwere kudzandichititsa manyazi ayi. Anabwera chifukwa sipinachi wawo anali atapsa ndi mphepo ndipo kunyumba kunalibe ndiwo, monga ankapitira kumunda kwa a Gerevaziyo ali mwana.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

"Ndaswera bwino, kaya inu bambo?"

"Taswera, zikomo."

Dzanja langa linapita lokha m'thumba n'kugwira kiyi. Kapitawo anali chapatali pathirakitala, koma maso ali kwa ine. Ndinaika wilibala pasikelo n'kukhuthulira kaloti yense pamulu, amayi aja akuona. Mayi Nasima anatembenuka n'kuyamba kupita. A Zakeyu anasuzumira pawaya n'kunena, "Mulu wanuwo wanyowa kwambiri, mwana wanga. Muthiremo udzu wouma, ungayambe kununkha." Mayo ine, bola akanandilalatira! Ndinalira mpaka nthawi yoweruka, ndipo udzuwo ndinathiramo.

Chaka chomwecho ndinapita ku Claremont kukaona mchemwali wanga amene amagwira ntchito ya m'nyumba. Nditatsika thekisi ndinadutsa pasitolo ija, ndipo pagalasi panali chithunzi chachikulu kuposa chitseko, a Zakeyu atavala chobiriwira, fosholo m'manja, akumwetulira. Pansi pake analemba m'Chizungu kuti awa ndi manja amene akusamalira tsogolo lathu. Ndinaima mpaka anthu kumandigunda. Ndinajambula pafoni n'kukawaonetsa ndili ndi ukali, ndikuti tikadandaule. Iwo anayang'anitsitsa n'kuseka mpaka kutsokomola. "Koma ndaoneka bwino, eti? Mutumizireko ana kumudzi." Ndinawafunsa ngati sizikuwapweteka. Anati, "Sananame. Muluwo ndinaumanga ndine." Ndinabwerako mutu utasokonezeka kuposa mmene ndinapitira.

Zaka ziwiri zotsiriza anakhalira timaganyu ndi sipinachi wa m'matayala uja. Matayala anali asanu ndi atatu, ndipo lakumapeto, loyang'ana kunjira, sankathyolamo. Ana awo ankawaitana kuti abwerere kumudzi. Iwo ankati adikire kaye chisanu chithe, chisanu chikatha ankati adikire sipinachi akule. M'nyengo yozizira ya mu 2024 chifuwa chinawagwira. Kuchipatala anawagoneka masiku khumi n'kuwatulutsa, ndipo amene ankawaphikira phala ndi kuwachapira anali Mayi Nasima. Ndi iwonso, ndi mpango wawo kumutu, amene anakwera thekisi kudzaitana Bambo Mfumu kuti, "Achimwene anga akufuna mafuta awo aja."

Anadzozedwa ndi kulandira Ukalistia Lachiwiri m'mawa. Masana ndinapempha kuweruka msanga n'kupita kukawaona. Ndinawapeza atatsamira pilo, kolona m'manja, kadzuwa kakulowera pachitseko. Ndinagwada pambali pa bedi n'kuwauza zonse, za mvula ija, za kunyada kwanga, za mawu amene anabwerera pammero. Anandisiya ndimalize.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo ku ofesi," anatero. "Mukanandiuza bwino, ndikanatsegulabe. Dzukani, pansipo pakuzizira."

Atapuma pang'ono anandifunsa, "Aphunzitsi, kodi kukunkha m'Chizungu amati chiyani?"

Ndinafufuza m'mutu monse, ine amene ndinaphunzitsa Chizungu zaka khumi ndi ziwiri, osalipeza. Ndinati sindikudziwa.

"Ndiye n'chifukwa chake," anatero, nkhope itamasuka ngati apeza chinthu chimene anachisaka nthawi yaitali. "Alibe liwu lake. Musawakwiyire."

Tinayamba kolona, Mayi Nasima atakhala chete pakhomo. Tisanamalize gawo lachitatu anasiya kuyankha. Anapita ngati munthu wogona pambuyo pa ntchito, cha m'ma folo koloko, pa 16 Julayi.

Thupi lawo tinalitumiza kwawo ku Dedza, kumene anagona pafupi ndi Mayi Angelina. Mwini munda wamkulu awalandire ndi kuwapumitsa. Pambuyo pake ndinawafunsa Bambo Mfumu za liwu lija, ndipo anandiuza kuti m'Chizungu lilipo, lakalekale, kungoti eni ake ambiri analiiwala. Zimenezi zinandizunguza kwambiri. Ndiye kuti a Zakeyu anakhululuka pa chifukwa cholakwika? Liwulo ndinamulembera Julia pafoni, n'kumufunsa ngati silingalowe pafomu. Anayankha kuti akulimbana nazo, mwina chaka chamawa. Ndikumukhulupirira ndithu, kungoti zidzukulu za Mayi Nasima zimadya tsiku lililonse.

Chitsanzo chimene atisiyira sindikudziwa kuchitchula dzina. Geti ndi lokiya, sindinalitsegulepo, ndipo anthu makumi asanu ndi limodzi tikugwirabe ntchito. Mulu wa manyowa ukutentha bwino, sununkha. Koma kuyambira sabata imene tinawaperekeza, wilibala yanga yayamba vuto la tayala. Lachisanu lililonse masana, ndikafika pamzere wa kumpanda, pamene mphepo inakumba mchenga pansi pa waya n'kusiya mpata wokwana mkono, imapendekeka n'kukhuthuka. Ndimatola zotayikazo, koma ndimatola ndi diso limodzi. Kapitawo wandiuza kale kawiri kuti ndikayezetse maso.

Ngati kumeneku n'kuba kapena ayi, ngati ndikuika ntchito za anzanga pangozi kapena ndikukonza chimene ndinaononga, sindikudziwa. Kukalapa ndinapita kale. Bambo Mfumu atawerenga zimene ndalembazi anandifunsa ngati ndikufuna ndime ziwiri zomalizazi zichotsedwe, poti kalata imayenda m'manja ambiri. Ndati zikhale. Ndinakhalapo chete kamodzi, ndipo nkhalamba inatuluka pageti chipewa m'manja. Abwana sawerenga Chichewa. Ngati wina mwa inu adzapite kukawamasulira, ndikupempha chinthu chimodzi chokha, liwu loti kukunkha adzalimasulire bwino kuposa mmene ine ndinamasulira zinyalala.